Mphindi Khumi za Basi ya Kutsidya

Pa depoti ya mabasi panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti a Ndandanda, popeza ndiwo ankakonza zoti dalaivala uti ayendetsa basi iti, nthawi yanji. Anali bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, wosakonda macheza, moti madalaivala achinyamata ankati mkuluyu akafuna kuseka amayamba walemba kalata yopempha chilolezo. Ofesi yawo inali kachipinda kumapeto kwa shedi. Munali tebulo, kompyuta, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, ndi kawindo kasefa kamene madalaivala ankaimapo akabwera ndi madandaulo. Kawindoko kanali kotsika, ndipo woima panja ankangoona manja a munthu wa m'katimo.

Madzulo a tsiku limenelo kunalibe chachilendo. Mabasi ankalowa imodziimodzi, amakaniko akusamba m'manja pampopi, fungo la dizilo lili ponseponse. Dzuwa litangolowa kunabwera mwana wawo wamkazi, mtsikana wa ku koleji, atanyamula juzi imene bambo ake anaiwala kunyumba.

"Mayi akuti muvale, musakabwere ndi chifuwa," anatero, n'kudzikhazika pa tebulo ngati pake.

Mtsikanayu anali ndi matenda amodzi, mafilimu a makina obwerera m'mbuyo. Munthu kulowa m'chibokosi, kudina batani, n'kukatulukira chaka chimene agogo ake anali kukwawa. Ankaonera zimenezi pafoni mpaka kuiwala madzi pamoto.

"Bambo, atakupatsani makina amenewo, mungabwerere tsiku liti?"

"Tsiku limene ndinakugulira foniyo."

"Ayi, zenizeni! Koma muchenjere. M'mafilimumu ukangosuntha kanthu kamodzi, ngakhale kapu, pobwerera kuno upeza ulibe nyumba, ulibe ana."

"Tsika pa tebulo langa, basi ikusiya."

Anapita akuseka. Koma funso lake linatsalira m'chipindamo, chifukwa tsiku lobwererako a Ndandanda anali nalo, ndipo anali atalisenza zaka makumi awiri ndi zinayi.

Kale iwonso anali dalaivala pa depoti yomweyi, pamodzi ndi mkulu wawo wa bere limodzi. Mkuluyo anzake ankamutcha Sachedwa, chifukwa ukachedwa ndi theka la mphindi ankakusiya, ngakhale utakhala mpongozi wake. Ndiye anaphunzitsa mng'ono wake chiwongolero, ndiyenso anamupezera ntchito. Tsiku lina mng'onoyo dzino linamugwira, tsaya n'kutupa. M'mawa mwake anayenera kuyendetsa basi ya kutsidya, yonyamuka sikisi koloko. Mkulu wake linali tsiku lake lopuma, ndiye anasinthana.

Kuchokera pa depoti kukafika pa mlatho ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Nthawi ili twente pasiti sikisi, malinga ndi lipoti la apolisi, lole ya simenti yoduka mabuleki inatsetsereka pamtunda n'kukumana ndi basi ija pakati pa mlatho. Sachedwa anafera pomwepo, pamodzi ndi anthu ena atatu.

Nthawi imeneyo n'kuti mng'ono uja ali pamzere kuchipatala cha mano. Kutsogolo kwake kunali mtsikana wamantha amene ankalola aliyense kumudutsa, mpaka awiriwo anatsala okha pabenchi n'kuyamba kusekana. Mtsikana ameneyo ndiye mayi ake a mwana wa juziyu. Dzino limodzi lovunda linawapatsa banja, linawalandanso mbale wawo, ndipo a Ndandanda sankadziwa ngati alitukwane kapena alithokoze. Chiwongolero anachisiya chaka chomwecho n'kupempha ntchito ya mu ofesi.

Cha m'ma seveni magetsi anazima.

Depoti yonse inangoti bii. Amakaniko amene anali asanapite anafuula zotukwana, kenako kunachita zii. A Ndandanda sanadabwe. Lamulo la pantchitopo linali lakuti magetsi akazima, ndandanda ya mawa ikolekedwe pa bolodi yakale, kuti obwera m'mamawa asasowe pogwira. Bolodiyo inkakhala kuseri kwa kabati. Linali thabwa lalikulu la misomali, msomali uliwonse ulendo wake, ndipo dalaivala aliyense anali ndi kathabwa ka nambala yake kokolekapo. Anayatsa kandulo, anakoka bolodi ija, n'kuitsamiritsa kukhoma.

Pa misomali panali kale timatabwa.

Anakweza kandulo. Magetsi atazima ulendo watha anachotsa tonse ndi manja awo, n'kutiika m'chitini. Tsono ndani wakoleka? Anayendetsa chala pamzere woyamba. Pa msomali wa basi ya kutsidya panali nambala 31. Kumunsi, pa mzere wa opuma, panali nambala 14.

Nambala 31 inali yawo, ya nthawi imene ankayendetsa. Nambala 14 inali ya mkulu wawo. Kathabwa ka 14 anakatenga okha maliro atatha, ndipo kanali kunyumba, pansi pa sutikesi, kokulungidwa m'mpango.

Anatembenuka. Pa tebulo panalibe kompyuta. Panali chibuku chachikuto chakuda ndi cholembera chomangidwa ndi ulusi. Kunja kunalira injini, koma kuliraku sikunali kwa mabasi a masiku ano. Kunali kwa zimabasi zakale zija, zotsokomola zisanadzuke, zimene zinagulitsidwa kalekale kwa ogula zitsulo. Chimene chinatsala cha lero m'chipindamo ndi juzi yokha, yokolekedwa pa mpando.

Go, go, go.

"Odi, bwana."

Mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa. Munthu utha kuiwala nkhope ya malemu, chithunzi n'kumakukumbutsa, koma mawu akamveka sufunsa kuti ndani. Anakhala pa mpando mosafuna, naika kandulo pa tebulo.

"Odi, bwana, muli momwemo? Kandulo tikuiona."

Anawerama n'kusuzumira pa sefa. Panja panaima anyamata awiri, atavala malaya a khaki a mabatani achitsulo, yunifolomu imene inasiyidwa mwana wawo asanabadwe. Wina anali wamtali, wandevu zometa bwino, chipewa chili m'manja. Winayo anali atagwira tsaya ndi mpango, mutu uli pambali, akubuula pang'onopang'ono.

Chinawapweteka kwambiri si mantha ayi. Chinali chakuti mkulu wawo anali mwana. M'mutu mwawo zaka zonsezi ankamuona ngati chimunthu chachikulu chodziwa zonse, koma apa panaima mnyamata wosafika zaka makumi atatu ndi ziwiri, woti akanatha kukhala mwana wawo woyamba. Misozi inangotsika yokha.

"Bwana, mphwangayu dzino lamupha," anatero Sachedwa. "Taonani tsayali. Tisinthane. Ya kutsidya mawa ndiyendetse ine, iyeyu akazulitse."

Apa m'pamene anakumbukira. Usiku umene anabwera kudzasinthana uja, magetsi analinso atazima. Nkhope ya bwana wa ndandanda sanaione. Anangoona manja pafupi ndi kandulo, manja onjenjemera, ndipo mumtima anati mkuluyu lero walawa. Anayang'ana manja awo pa tebulo. Anali kunjenjemera.

"Bwana?"

"Dikirani," anatero a Ndandanda. "Dikirani pang'ono."

Nkhani inali poyera, ndipo inalibe chifundo. Timatabwa tiwiri, misomali iwiri. Akasinthanitsa, mkulu wawo afa mawa pa mlatho. Akakana, wa dzinoyu ndiye ayendetsa. Kuchipatala sapita. Mtsikana wamantha uja akhala yekha pabenchi, azulitsa dzino lake, n'kupita kukakwatiwa ndi wina. Ndiye mwana amene wakhala pa tebulo ili posachedwapa, akugwedeza miyendo, sadzakhalapo. Sadzafa ayi. Sadzakhalapo chabe, ndipo palibe amene adzamulire. Anatambasula dzanja n'kugwira juzi ija mwamphamvu.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ankauza Mulungu kuti atangowabwezera tsiku limeneli sangaganize kawiri. Lero analandira chimene ankapempha, ndipo anangoti kakasi.

"Achimwene," anatero wa dzino uja movutikira, "ine ndikaime pampopi. Madzi ozizira amathandizako."

"Pita, mwana wolira iwe."

Mnyamatayo anachoka, akukoka mapazi. A Ndandanda anamuyang'ana mpaka analowa mumdima. Zimenezinso ankazikumbukira. Anasiya mkulu wake pa windo, ndipo zimene zinakambidwa pambuyo pake sanazimve, sanafunsenso.

Ndiye maganizo anawafikira, ndipo anawafikira ngati mmene mpweya umafikira munthu wotuluka m'madzi. Bwanji akuvutika ndi timatabwa? Vuto si dalaivala. Vuto ndi mphindi. Lole idzafika pa mlatho twente pasiti sikisi. Basi ikapanda kukhalapo nthawi imeneyo, loleyo idzadutsa yokha n'kukagwera kumene ikagwere. Ntchito yawo yonse inali yowerengera mphindi, ndipo samu imeneyi ngakhale mwana wa sukulu akanaikhoza.

"Ndavomera," anatero. "Koma pali chinthu chimodzi. Mawa musanyamuke sikisi koloko. Muchedwe ndi mphindi khumi."

"Ine, bwana? Kuchedwa?"

Sachedwa anaseka, kuseka kuja koyambira m'mphuno kumene a Ndandanda anali atakusowa theka la moyo wawo.

"Anthu anditukwanira makolo, bwana. Muli a ku msika mmene muja, muli a ku sukulu."

"Atukwane. Inu mungokhala phee, injini izilira. Musafunse chifukwa. Ndi lamulo."

"Ndiye kuti teni pasiti?"

"Teni pasiti."

"Pa wotchi ya pashedipo?"

"Eya, eya. Musasunthe isanakwane. Ndilonjezeni."

"Aa, bwana, ine ndi lamulo sitikangana. Mwanena, zatha."

A Ndandanda anaimirira, anachotsa 31, anakoleka 14 pa msomali wa basi ya kutsidya. Tsopano mumtima munadzaza chimwemwe. Kunsi kwa sefa kunali kampata kopatsirana makiyi. Anatulutsa dzanja pamenepo. Mnyamatayo anadabwa pang'ono, poti bwana sapatsa dalaivala moni wa padzanja, koma analigwira. Dzanja lake linali lofunda, lokhakhala, lamoyo.

"Bwana, mukudwala? Manjawa azizira bwanji?"

"Mng'ono wanuyo amakukondani kwambiri. Kungoti pakamwa pake m'polemera."

"Ameneyu? Amakonda zoti ndizimugwirira ntchito!" Anasekanso, navala chipewa. "Mugone bwino, bwana."

Mapazi anamveka pa simenti. Kenako mawu chapatali: "Iwe, tiye! Umaliza madzi a kampani."

Magetsi anayaka.

Kompyuta inali pa tebulo, ikudzuka. Chibuku chija panalibe. Pa bolodi panali misomali yokhayokha, yadzimbiri. Kandulo inali itatsala theka, ndipo m'dzanja lawo lamanja munali mukadali kufunda.

Anatenga foni n'kuimba kunyumba. Anayankha ndi akazi awo.

"Mwana wafika?"

"Wafika kale, ali pafoni yakeyo. Bwanji, kwagwanji?"

Mwana alipo. Mwana alipo! A Ndandanda anatsamira khoma, maso ali otseka, nafunsa funso lachiwiri mwapang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa thabwa lowola.

"Nanga achimwene? Aimba?"

"Achimwene ake ati?"

"Anga."



"Abambo, mwamwa chiyani kumeneko? Si mwezi wathawu tinakaika maluwa pamanda pawo? Musandiopseze, chonde."

A Ndandanda anadula foni. Anatuluka m'chipindamo osatseka chitseko, nadutsa pakati pa mabasi, akuyang'ana kunsi ndi kuseri. Pampopi panali pouma. Anafika pa geti akupuma mwa wefuwefu. Pamenepo panali mlonda, nkhalamba imene inayamba ntchito pa depotiyi iwo asanaphunzire n'kuyendetsa komwe. Inali itakhala pa kampando kake, tochi ili pamiyendo.

"Madala, patuluka anyamata awiri apa? A malaya a khaki?"

"Khaki? Chitulukireni amakaniko sipanadutse ngakhale mphaka."

A Ndandanda anagwira chitsulo cha geti.

"Madala, tsiku la ngozi ya achimwene anga, munalipo?"

Mlondayo anaika tochi pansi.

"Geti ndinatsegula ndine. Zaka zonsezi simunandifunsepo, ndiye ndinkati mwina simufuna kumva."

"Ndiuzeni."

"Sikisi koloko itakwana ndinatsegula, poti Sachedwa sankadikiritsa geti. Koma basi osasuntha. Injini ikulira, anthu akumenya mawindo, ena akutukwana, iye manja ali pa chiwongolero, maso ali pa wotchi ya pashedi. Ndinapita kukamufunsa ngati galimoto yavuta. Anati, 'Ayi madala, ndalamulidwa teni pasiti.' Thukuta lili kamukamu, poti kuchedwa kunkamuwawa ngati matenda. Koma anadikira mpaka inakwana."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena! Koma bwana wa ndandanda wa nthawi ija analumbira kuti sanalamule zimenezo. Anati usiku umenewo magetsi atazima anakhoma ofesi n'kupita kwawo, ndipo amene anasintha timatabwa sakumudziwa. Ine ndinauzidwa kuti ndinali nditaledzera. Ndinali ndi ana aang'ono, bwana. Ndinatseka pakamwa."

"Koma sizikugwirizana, madala." Mawu a a Ndandanda anali kukwera. "Ngati ananyamuka teni pasiti, pa mlatho anayenera kufika hafu pasiti. Lole itadutsa kale. Itadutsa kale!"

"Inu bwana, mwaiwala? Wotchi ya pashedi ija sitinkaitsogoza dala ndi mphindi khumi, kuti madalaivala aulesi asamachedwe? Ikati sikisi koloko, kunja kuno n'kuti isanakwane. Ikati teni pasiti, ndiye inali sikisi koloko yeniyeni. Apolisi analemba za pa wotchi zawo, si za pashedi." Anapukusa mutu. "Akanangonyamuka monga mwa masiku onse, pa mlatho akanadutsa lole ikadali kuseri kwa phiri. Iye kapena inu, aliyense akanadutsa. Bwenzi pano tikumwa naye tiyi."

Sanali kunama. Zimenezi a Ndandanda ankazidziwa. Dalaivala aliyense wa nthawi imeneyo ankazidziwa, ndipo iwo eni ake ankadandaula nazo m'mawa uliwonse. Koma wotchi ija inachotsedwa kalekale, ndipo zaka zambirimbiri zoonera nthawi pafoni zinali zitafufuta kanthu kakang'ono kameneka m'mutu mwawo. Mkulu wawo anachita kufunsa, pa wotchi ya pashedipo? Iwo n'kuyankha mothamanga kuti eya, eya.

Anakhala pansi, pa fumbi la pageti pomwepo, bambo wa imvi, nalira ngati kamwana. Zaka zonsezi ankadziimba mlandu chifukwa cha dzino. Dzino linalibe mlandu. Mkulu wawo anaphedwa ndi kumvera, ndipo amene anamulamula anali iwo. Mlonda sanamvetse chimene chikuwaliritsa chonchi, koma anavula chipewa n'kuima pambali pawo mpaka anatonthola.

Kuntchito sanasiye. Ndandanda amakonzabe, ndipo salakwitsa ngakhale ulendo umodzi. Kunyumba sananene kanthu. Akazi awo amangoona kuti nthawi zina amayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, mpaka mtsikanayo kufunsa ngati ali ndi kanthu kumaso.

Koma pa depoti anthu amanong'onezana. Akuti m'kabati muja tsopano mwadzaza makandulo. Akuti magetsi akazima, pamene ena onse akutukwana, a Ndandanda amathamangira mu ofesi ngati mnyamata, n'kukoka bolodi yakale. Ngakhale tsiku lawo lopuma, akangomva kuti mbali ya ku depoti kwazima, amakwera basi n'kubwera. Ena amati mutu wayamba kusokonekera. Makaniko wina amalumbira kuti kawiri konse anawaona akuzimitsa okha pa switchi yaikulu ya kuseri kwa shedi. Mlonda akafunsidwa amangoti iye amayang'anira geti, za mu ofesi sizimukhudza.

Pa kawindo paja sipanagogodenso munthu. Misomali imakhala yokhayokha mpaka magetsi kuyaka.

Dalaivala wina wachinyamata, wofika mochedwa tsiku lina la mdima, anapita kukasiya makiyi pa kampata kaja. Anaona manja awiri pafupi ndi kandulo. Asanagogode anamva mawu m'katimo, otsitsa, obwerezabwereza, ngati munthu amene akuloweza zoti akanene ndipo akuopa kuti nthawi ikakwana adzaiwalanso. Anatchera khutu. Makiyiwo anapita nawo kwawo, ndipo m'mawa mwake anauza anzake zimene anamva.

"Achimwene, musandimvere. Chonde, achimwene, musandimvere."